Bwato Lotsiriza ndi Abambo Osalankhula

Kuno kwa Kapondo, m'boma la Mchinji, tili kutali ndi nyanja. Chambo timangochimvera mbiri. Nsomba imene tiidziwa bwino ndi usipa wouma wa pamsika. Komabe alipo kanema wina wa kunyanja amene nkhani yake ikadatha kuchitika pakhomo pa aliyense wa ife. Dzina lake ndi The Last Fishing Boat, ndiko kunena kuti bwato lotsiriza la msodzi. Anamkonza ndi a Shemu Joyah m'chaka cha 2012, atayamba ndi wina wotchedwa Seasons of a Life. M'chaka cha 2013 nyimbo za m'kanemayu zinapata mphotho pa mpikisano wa Africa Movie Academy Awards.

Si kanema wa nkhondo kapena wa magalimoto othamangitsana monga aja akonda anyamata athu. Nkhani yake iyenda pang'onopang'ono. A Hope Chisanu asewera ngati Yusufu, msodzi wachikulire wa ku Nyanja ya Malawi, amene kale anali munthu wopeza bwino. Tsono nsomba zachepa, ndipo makoka akubwera opanda kanthu. Mwana wake wamwamuna waleka usodzi, nayamba kuperekeza azungu odzaona malo, ndipo mbiri yake pamudzi si yabwino. Mkazi wake wachitatu, Abiti Anefa, amene gawo lake anasewera ndi a Flora Suya, akunyengereredwa ndi mlendo wachizungu wa ndalama zambiri.

Kuchepa kwa nsombaku si nthano ayi. M'nyanja ya Malombe chambo chinatsala pang'ono kutheratu m'zaka za m'ma 1990, chifukwa cha kuchuluka kwa asodzi ndi maukonde a maso aang'ono amene akokolola ndi tiana tomwe. Motero Yusufu sanagwe chifukwa cha ulesi. Ntchito imene anaidziwa kuyambira ubwana wake ndiyo inamthera m'manja.

Kodi ife alimi sitikumdziwa munthu ameneyu? Chipembedzo chake ndi china, ndipo mitala yake mpingo wathu suivomereza, koma mtolo umene wasenza ndi wathu womwe. Bwato lathu ndi munda wa fodya. Bambo alima chaka chonse, natumiza mabelo ku okushoni ku Kanengo. Akachotsa ngongole ya feteleza ndi ya mayendedwe, chotsala sichikwanira fizi ya ana. Nthaka yatopa, ndipo munda umene agogo anasiya wagawidwa kangapo. Mwana wamwamuna aona zimenezi, nathawira ku maganyu ku Zambia kapena ku kabaza pa boma, osafunanso kumva za khasu.

Choopsa chachikulu si umphawiwo, koma zimene uchita mumtima mwa bambo. Tinaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira. Tsono bambo wotere angokhala duu pakhonde. Mayi akafunsa za ndalama ya mchere, ayankhidwa mwaukali. Ana ayamba kuopa atate awo. Ena athawira kumowa, ndipo ena, tinene mwachisoni, afika podzichotsera moyo. Ndalama za mlendo zipeza mpata wolowera m'banja pamene eni nyumba aleka kukambirana.

Pa Luka 5 tiwerenga za msodzi winanso, Simoni Petro, amene anagwira ntchito usiku wonse osapha kanthu. Iye sanabise kulephera kwake. Anakuulula poyera pamaso pa Ambuye ndi anzake, ndipo thandizo linayambira pomwepo.

Nchifukwa chake tikupempha abambo anzathu kuti mukabwera ku msika wa fodya, khalani pansi ndi amayi, muwaonetse chikalata cha malonda monga chilili, nimupangane pamodzi za mtedza, soya kapena mbuzi. Mutu umodzi susenza denga. Inu amayi, mwamuna amene zamvuta asasanduke nkhani ya pachitsime. Inu anyamata, ngakhale mwasankha ntchito ina, musanyoze khasu limene linakulerani.

Ndipo inu akulu a mpingo, mukaona bambo wayamba kujomba kumapemphero, musafulumire kumuitanira ku bwalo la milandu. Yambani mwapita kwawo, mukhale naye pamphasa, mumfunse mmene malonda ayendera chaka chino.