Apple inatopa kudikira ku Athenry

Tikamanena kuti zithunzi zathu "zili pa intaneti", ine ndimaona chinyumba chodzaza makompyuta, chimene amachitcha data centre. Chimadya magetsi usana ndi usiku, ndipo mkangano umayambira pomwepo.

Mu 2015 kampani ya Apple inalengeza kuti imanga chinyumba chotere cha mayuro 850 miliyoni pafupi ndi tauni ya Athenry ku Ireland. Ambiri m'tauniyo anachifuna, mpaka anaguba mumsewu pochiikira kumbuyo. Koma anthu ochepa anakana, podandaula za chilengedwe ndi kuchuluka kwa magetsi amene chikanadya. Nkhani inazungulira m'makhoti, ndipo mu Meyi 2018 Apple inagwa mphwayi n'kusiya. Chinzake cha ku Viborg ku Denmark, chimene chinalengezedwa tsiku limodzi ndi cha ku Athenry, chinamangidwa.

Okanawo sindiwanyoza ayi. Mu 2023 zinyumba zotere zinadya 21 peresenti ya magetsi onse owerengedwa pa mita ku Ireland. Ife amene timagona mumdima magetsi akazima, funso lawo sitingaliseke. Chimene chimandinyansa ndi kuchedwako. Kuuza munthu kuti inde kapena ayi sikufunika zaka zitatu.