PULAGI IKAMADA BII, MLANDU ULI KUTI?

Pa malo alionse amene anyamata a kabaza amaimapo kudikira anthu, kaya ndi pa Lunzu, pa Mponela kapena pa Jenda, simulephera kuona wina atanyonyomala pambali pa njinga yake yamoto, akupala pulagi ndi kawaya. Akaibwezera, njinga ilira, ayenda masiku awiri, lachitatu yayambanso kutsokomola ndi kuzima. Ambiri amangoti mapulagi a masiku ano ndi achabe, nagula ina. Koma kawirikawiri pulagi imangokhala mboni chabe ya zimene zikuchitika m'kati mwa injini, ndipo mwini njinga amene aphunzira kuiwerenga apulumutsa ndalama zake.

Owerenga athu amene anagwiritsapo ntchito nyali ya palafini adziwa kuti ukakweza chingwe mopitirira muyeso, lawi limafiira, utsi nkufuka, galasi nkuda ndi mwaye. Palafini wachuluka, mpweya wachepa. Injini nayo ndi chimodzimodzi. Kuti petulo apse bwino lomwe, pamafunika magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Petulo akaposa pamenepa, wina sapsa, amasanduka mwaye umene umamatirira kunsonga kwa pulagi. Tsono mwaye umadutsitsa magetsi. M'malo moti moto ulumphe pa kampata ka pulagi, umangotsetsereka mu mwayewo nkuthera m'chitsulo cha injini, ndipo petulo sayaka.

Choyamba ndi kuyang'anitsitsa pulagiyo, pakuti kuda kuli pawiri. Ikakhala yakuda koma youma, mwaye wake wofewa wochoka ndi chala, ndiye kuti petulo ndiye wachuluka. Utsi wa ku ekizozi umakhala wakuda, fungo la petulo lili guu, ndipo thanki imaphwa msanga. Ikakhala yakuda koma yonyowa ndi yonyezimira, utsi uli wobiriwira motuwa, ameneyo ndi oilo amene akulowa mopsera mafuta chifukwa maring'i a pisitoni kapena timphira ta mavavu tatha. Nthenda yachiwiriyi kabureta siikhudzidwa nayo, ndipo makaniko amene athamangira kupotoza masikuluwu asanasiyanitse ziwirizi angokudyerani ndalama. Pulagi ya injini yabwino imakhala ya mtundu wa khofi wothira mkaka.

Tikatsimikiza kuti ndi petulo, tiyambire kumene kulibe mtengo. Fyuluta ya mpweya ndiyo imene ine ndimaikayikira poyamba, makamaka m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala pamene misewu yathu ya dothi ili fumbi lokhalokha. Fyuluta ikatsekeka, injini imakoka mpweya movutikira, ndipo kukoka kumeneko kumayamwa petulo wambiri m'kabureta. Ya siponji ichapidwe m'palafini, iumitsidwe, idonthezedwe oilo pang'ono nkufinyidwa. Oilo akachuluka imatsekanso mpweya. Ya pepala sachapa, amangosintha. Kenaka onani tchoko. Ntchito yake ndi kuchulukitsa dala petulo pamene injini ili yozizira m'mawa, koma kawaya kake kakachita dzimbiri sikabwerera mokwanira, ndipo munthu amayenda tsiku lonse tchoko chili chotseka theka iye osadziwa.

Ziwirizi zikakhala bwino, ndi pamene tingatsegule kabureta. Kunsi kwake kuli kambale kosungira petulo, ndipo m'menemo muli fuloti, kanthu koyandama kamene kamakankha kasingano kotseka petulo mbale ikadzaza, monga zimachitikira m'thanki ya chimbudzi cha madzi. Kasingano kameneka kakaperepeseka, kapena kachinyalala kakakhala pamlomo pake, kapenanso fuloti ikabooka nkumira, petulo amasefukira. Chizindikiro chake nchosavuta: imikani njinga, mpopi wa petulo uli wotsegula, muone ngati kapaipi ka kunsi kwa kabureta kakudontha. Petulo wogula m'mabotolo m'mbali mwa msewu, amene nthawi zina amakhala ndi zitsotso, ndiye amabweretsa vutoli kawirikawiri.

Pali chizolowezi china chimene ndikuti nchoononga, chotokosa jeti ndi waya kapena singano yosokera. Jeti ndi kachitsulo kofewa kokhala ndi kabowo koyezedwa bwino ku fakitale, ndipo nambala yake inalembedwa pambali. Mukakatokosa kabowoko kamakula, ngakhale diso silingaone, ndipo sikadzabwereranso. Jeti amaitsuka ndi mankhwala ake nkuiuzira mpweya. Yoonongeka isinthidwe ndi ya nambala yomweyo yolembedwa m'buku la njingayo, osati yaikulu poganiza kuti njinga ithamanga.

Singano yaitali ya pakati pa kabureta ili ndi timizere kumutu kwake pamene pamakhala kachitsulo kogwirira. Kukweza kachitsuloko mzere umodzi kumatsitsa singano, petulo nkuchepa. Sikuluwu yaing'ono ya pambali ndiyo imasokoneza ambiri, chifukwa siigwira ntchito mofanana pa njinga zonse. Ikakhala mbali ya injini imalamulira petulo, ndipo kuimasula nkuonjezera petulo. Ikakhala mbali ya fyuluta imalamulira mpweya, ndipo kuimasula nkuchepetsa mphamvu ya petulo. Musinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, muike pulagi yoyera, muyende makilomita 10 kapena 15 injini ikugwira ntchito ndithu, kenaka muimasule muone mtundu wake. Musapyoze muyeso: pulagi yoyera mbuu ikutanthauza kuti petulo wachepa, ndipo injini yotere imatentha mpaka kuboola pisitoni.

Nthawi zina kabureta ilibe chifukwa. Pulagi imadziyeretsa yokha nsonga yake ikatentha kufika madigiri pafupifupi 500, ndipo njinga imene imangolira pa siteji nkumayenda timaulendo tatifupi siifikapo. Nambala ya pulagi nayo ili ndi tanthauzo. Pa mapulagi a NGK, nambala ikamakwera pulagi imakhala yozizirirapo, pamene pa a Champion ndi Bosch nzotembenuza. Injini ya Honda CG125, imene inatuluka m'chaka cha 1975 ndipo mafakitale ambiri a ku China anaitengera, imalandira D8EA, kampata kake mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Moto wofooka, wochokera ku koyilo yotopa kapena kapu yong'aluka, umadetsanso pulagi chimodzimodzi.

Pali awiri amene amatchulidwa pa mlanduwu. Wina ndi ethanol, amene dziko lino lakhala likusakaniza ndi petulo chiyambire 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa. Ameneyu ngosalakwa, pakuti ana a sekondale omwe adziwa kuti ethanol ali ndi okosijeni m'kati mwake, choncho sangachulukitse mwaye. Winayo ndi kukwera kwa malo. Nsanje siifika mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Dedza ili pafupifupi mamita 1,600, kumene mpweya ngopepuka. Njinga yochunidwa kuchigwa ikasamukira kumapiri imamwa petulo woonjezerapo, ndipo ngati fyuluta inali kale yakuda, pulagi siichedwa kufa.

Vuto likatha, sololani kandodo koyezera oilo mukanunkhize. Petulo wosapsa amatsuka oilo m'makoma a silinda nkutsikira pansi, oilo nkusungunuka ngati madzi. Mukamva fungo la petulo, kapena muona kuti oilo wakwera yekha, mukhetseni tsiku lomwelo ndi kuthira watsopano, maring'i asanayambe kudyeka.