Laputopu yakale ya mwana: ikani Linux, koma yesani kaye Wi-Fi

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inasiya kupereka thandizo la nthawi zonse ku Windows 10. Malaputopu ambiri akale, ngati aja timagulira ana a sukulu pa kaunjika, sangalandire Windows 11 chifukwa imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ndiye anzanu akuuzani kuti, "Ingoikanimo Linux, ndi yaulere." Akunena zoona. Koma ena akangomaliza kuika amapeza kuti Wi-Fi yafa, mwana sangathenso kutsegula intaneti. Chimachitika n'chiyani?

Mkati mwa Windows kapena Linux muli gawo lotchedwa kernel. Ndilo lokhalo lololedwa kulankhula mwachindunji ndi zipangizo monga kiyibodi, kamera ndi khadi la Wi-Fi. Komatu chipangizo chilichonse chili ndi chilankhulo chake, choncho kernel imafuna womasulira wotchedwa driver. Pa Linux, yomwe Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, madriver ambiri amabwera ngati tizidutswa totchedwa module, tomwe timalowetsedwa mu kernel kompyuta ili chiyakire. Kachidutswa kena kakafuna kugwiritsa ntchito chipangizo, kamadzera kwa driver wa chipangizocho, ndipo kamangopeza zokhazo zimene driveryo walola. Awiri akamalamula chipangizo chimodzi nthawi imodzi, zinthu zimasokonekera.

Vuto n'lakuti driver wolembedwera Windows sagwira pa Linux. Zaka za m'ma 2000, opanga makhadi ambiri a Wi-Fi ankangolembera Windows basi. Anthu odzipereka anapanga NDISwrapper, module imene imanamizira kukhala Windows kuti driver wa Windows XP agwire ntchito mkati mwa kernel ya Linux. Inathandiza ambiri, koma driver wobwerekayo akalakwitsa, kompyuta yonse imatha kuuma, poti cholakwika cha mu kernel sichisiya kanthu. Dziko linaona zimenezi pa 19 Julayi 2024, pamene pulogalamu ya CrowdStrike yogwira ntchito mu kernel ya Windows inagwetsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege zambiri n'kulephera kunyamuka.

Masiku ano zinthu zinapepukako. Makhadi ambiri a Intel ndi Atheros amagwira okha pa Linux, pamene ena a Broadcom amafunabe driver wapadera.

Ndiye musanafufute chilichonse, ikani Ubuntu kapena Linux Mint pa fulashi, muyatsire laputopuyo pa fulashipo osaika kaye. Yesani Wi-Fi, mawu, kamera ndi pulinta. Wi-Fi ikakana, lumikizani foni ndi chingwe cha USB, mugawireko intaneti, kenako tsegulani Additional Drivers pa Ubuntu kapena Driver Manager pa Mint muone ngati driver wake alipo. Zikakanikabe, kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB kamene kamagwira pa Linux n'kotsika mtengo kuposa laputopu yatsopano. Zithunzi za banja ndi ntchito ya mwana muzikopere kaye pena musanayambe.