Injini ya Boti Ikasiya Kulavula Madzi

Mtsinje wathu wa Domasi umathira m'nyanja ya Chilwa, kumene ena mwa asodzi ndi onyamula anthu pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi amadalira mainjini ang'onoang'ono. Nyanjayi ndi yosaya ndiponso yamatope, motero njira za madzi oziziritsa injini zimatsekeka kawirikawiri.

Injini yabwinobwino imalavula madzi mosadukiza pa kabowo ka kumbuyo. Madziwo akachepa kapena akasiya, izimitseni pomwepo, pakuti ikatenthetsa pisitoni imagwira, ndipo kuikonza kumadya ndalama zambiri.

Yambani ndi zosavuta. Tukulani injini, muchotse udzu, matope ndi mapepala apulasitiki pa timabowo tolowera madzi pafupi ndi pulopela. Kenako pisani kachingwe ka nayiloni m'kabowo kotulukira madzi. Zikakanika, kawirikawiri vuto limakhala pa impela, kampira kamapiko kokankha madzi, kamene kamaperepeseka ndi mchenga. Pamenepo pitani nayo kwa makaniko akaikemo ina.

Musalize injini kumtunda, chifukwa impela ikasowa madzi imapsa m'kanthawi kochepa. Popeza madzi a Chilwa ndi amchere, muzitsuka injini ndi madzi abwino, ndipo paulendo uliwonse musasiye nkhafi.