Ndalama zachitsulo zakale: kodi zisungidwe pati?

KABWE – M'mabanja ena a ku Chililalila ndi m'makomboni ena a tauni ya Kabwe muli kachitini ka ndalama zachitsulo zakale, zomwe anasiya makolo amene ankagwira ntchito pa mgodi wa Broken Hill kapena ku njanji. Mgodiwo unatsekedwa mu 1994, ndipo ambiri mwa eni ake a ndalamazo anatisiya. Ana ndi adzukulu amene alandira kachitiniko amaganiza za mbala poyamba, ndipo ndi bwino kutero. Komabe zimene zimawononga ndalama zambiri zotere ndizo chinyezi, pulasitiki ndi manja a mwini wake.

Munthu asanasankhe malo, ayenera kudziwa zimene ali nazo, popeza si ndalama yakale iliyonse imene ili ya mtengo wapatali. Tiki ndi shilingi za ku Southern Rhodesia, zomwe zinkagwiranso ntchito kuno, zili ndi siliva ngati zinasulidwa pakati pa 1932 ndi 1946. Kuyambira 1947 siliva anachotsedwamo. Peni yabowo ya m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ija ya njovu ziwiri, ndi ya mkuwa wosakaniza. Palinso ndalama yaikulu ya mashilingi asanu ya mu 1965, yokhala ndi nkhope ya Dr Kenneth Kaunda, yomwe inatuluka pokumbukira chaka chimodzi cha ufulu. Kwacha ndi ngwee zinabwera pa 16 January 1968. Mangwee ambiri a m'zaka zimenezo anasulidwa ochuluka zedi, choncho ogula salipira zambiri pokhapokha ndalamayo ikhale yosaperepeseka, yooneka ngati sinayendepo m'manja. Apa m'pamene pagona nkhani yonse ya kasungidwe: mtengo wa ndalama yakale uli pa nkhope yake.

Mvula ya kuno imagwa kuchokera mu November kufikira mu April, ndipo m'miyezi imeneyo simenti ya pansi ndi makoma a nyumba zimatuluka chinyezi. Sutikesi yokhala pansi pa bedi, malo amene makolo athu ankawadalira kwambiri, imayamwa chinyezicho. Mkuwa ukakumana ndi chinyezi pamodzi ndi mchere, monga wa m'thukuta la zala, umamera timadontho tobiriwira tonga ufa. Timadonthoti timadya ndalamayo n'kusiya timaenje tosakonzeka. Mangwee ena ofiira a m'ma 1980 ndi a chitsulo chokutidwa ndi mkuwa, ndipo amenewo amachita dzimbiri lenileni. Mungawazindikire chifukwa maginito amawakoka. Kukwirira chitini m'dothi, kumene ena amakuyesa nzeru, kuli ngati kuzimiza m'madzi pang'onopang'ono.

Chachiwiri ndicho chokulungira. Mapepala a nyuzi ndi timphira tomangira ndalama timatulutsa sulufule amene amadetsa siliva. Mapulasitiki ofewa a mtundu wa PVC, aja amanunkha ngati chikwama chatsopano, amatulutsa asidi pakapita zaka, ndipo ndalama imatuluka m'menemo ili ndi utoto wobiriwira wonanda. Odziwa za ndalama zakale amaika ndalama iliyonse payokha, m'kachikopa ka pulasitiki youma ya polyester kapena m'kaenvulopu ka pepala lopanda asidi, kuti zisamakhulane. M'bokosimo amaponyamo timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. Timapaketito tikakhuta chinyezi timasiya kugwira ntchito, motero tisinthidwe mvula isanayambe.

Ndipo ndalama zisatsukidwe. Mayi wofuna kukongoletsa cholowa cha bambo ake amatenga phulusa, mandimu kapena mankhwala opukutira zitsulo, ndalama n'kuwala ngati mbale yatsopano. Wogula wodziwa amaona timizere ta kukwechako nthawi yomweyo, ndipo amatsitsa mtengo kwambiri. Kuda kumene ndalama yatenga m'zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mbali ya chimene iye akugula. Poigwira, igwireni m'mbali mwake.

Tsopano za mbala. Bokosi lachitsulo losungiramo ndalama, lomwe ambiri amalitcha sefa, limathandiza ngati lamangiriridwa ndi mabawuti ku simenti kapena ku khoma. Kasefa kopepuka kongoika m'kabati kamangosonkhanitsira wakuba zonse pamalo amodzi, iye n'kukanyamula kukatsegulira kwawo. Chipinda chogona cha eni nyumba ndicho choyamba kusecha, choncho malo ena a m'kati mwa nyumba, kutali ndi khoma lonyowa ndi utsi wa m'khitchini, ndi abwinopo. Dziwaninso kuti masefa ambiri otetezera ku moto ali ndi zinthu zosunga madzi m'makoma mwake. Zimenezi zimapulumutsa mapepala pa moto, koma masiku onse zimachititsa m'kati kukhala mwachinyezi. Wogula sefa yotere aike ndalama m'kabokosi kena kotseka bwino, ndipo aziitsegula kawirikawiri. Koma chitsulo sichitseka pakamwa. Ndalama imene yaonetsedwa pa malo omwera mowa, kapena chithunzi chake chaikidwa pa Facebook pamodzi ndi dzina la komboni, yayamba kale ulendo.

Kwa amene ali ndi ndalama zingapo za siliva kapena zosowa, banki ndi malo oyenera kulingalira. Si nthambi iliyonse imene imasunga katundu wa makasitomala, motero funsani kaye. Funsani malipiro a pachaka, masiku amene mungaone katundu wanu, ndiponso amene angaloledwe kutsegula inu mutadwala. Funso lalikulu ndi la inshuwalansi. Kawirikawiri banki sidziwa zimene zili m'bokosi lokhoma, ndipo silonjeza kubweza mtengo wake zikawonongeka. Zimenezi zilembedwe poyera m'pangano musanasaine. Poona kwathu, kulipira banki chaka ndi chaka chifukwa cha chitini cha mangwee wamba n'kutaya ndalama. Chanzeru n'kugawa: zochepa za mtengo zipite ku banki, zotsalazo zikhale kunyumba pamalo ouma.

Chomaliza chimene ambiri amaiwala ndi kaundula. Lembani m'kope ndalama iliyonse, dziko lake, chaka chake ndi maonekedwe ake, ndipo muijambule mbali zonse ziwiri. Kopelo lisakhale m'bokosi limodzi ndi ndalamazo. Popanda kaundula, apolisi alibe poyambira ndipo a inshuwalansi alibe poyezera. Kaundulayo amagwiranso ntchito pa maliro. Lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 limagawa chuma cha munthu womwalira osasiya wilo motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Koma lamulo limagawa zokhazo zimene zikudziwika. Kachitini kosalembedwa kamatha kusowa pa tsiku la maliro, kapena kukhala ku banki zaka zambiri banja lisakudziwa. Wofuna kuti ndalamazo zipite zonse kwa mwana mmodzi, zisamwazike, azitchule mu wilo, ndipo auze munthu mmodzi wodalirika kumene kuli kiyi.