Kompyuta imodzi, ana ambiri: kodi akuigwira ndani?

M'sukulu za kumidzi m'maboma a Tsangano ndi Macanga, kompyuta ikapezeka imakhala imodzi kapena ziwiri, mwinanso foni ya mphunzitsi basi. Makina akachepa chonchi, chilungamo chimaonekera pa zinthu ziwiri: amene akuwagwira, ndi chilankhulo chimene tikuwafotokozera.

Mukaika kompyuta patebulo n'kunena kuti "afuna kuyesa ndani?", amathamangira kutsogolo ndi ana amene anazolowera foni kunyumba ndiponso amadziwa Chipwitikizi, chifukwa mawu a pa makinawo, monga Abrir ndi Guardar, ali m'Chipwitikizi. Kawirikawiri atsikana, ana amanyazi ndi ana olumala amangoonerera kumbuyo. Chaka chikamatha, wodziwa kale uja wapitirira, ndipo woonerera uja wakhulupirira kuti kompyuta si ya anthu ngati iye.

Ife a ku Tete njira tikuidziwa kale. Pulojekiti ya PEBIMO, imene inayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri kuyambira 1993 mpaka 1997 m'Chinyanja kuno ndi m'Chichangana ku Gaza, inatsamira pa mfundo yakuti mwana amve kaye nkhani m'chilankhulo chake, mawu a Chipwitikizi abwere pambuyo. Phunziro la kompyuta nalonso liyende motero.

Yambani popanda makina. Tim Bell wa ku University of Canterbury ku New Zealand ndi anzake anakonza njira yotchedwa CS Unplugged, yophunzitsa nzeru za kompyuta kudzera m'masewera. Dulani makadi asanu pa katoni, muwajambule madontho 16, 8, 4, 2 ndi 1. Khadi loonekera ndi 1, lotembenuzidwa ndi 0. Kuti apange 13, ana aonetsa 8, 4 ndi 1, n'kulemba 01101. Umu ndi mmene kompyuta imasungira manambala. Mwana wosaona bwino mummatire nyemba m'malo mwa madontho kuti aziwerenga ndi zala, ndipo wosamva atsatira masewerawa ndi maso. Sipafunika magetsi, kaya ndi ku Furancungo kapena ku Ntengo wa Mbalame.

Nthawi yogwira makina ikafika, musadalire odzipereka. Lembani mndandanda wa mayina, atsikana ndi anyamata mosinthanasinthana. Ana akhale awiriawiri: wina azidina, mnzake azimuuza zochita m'Chinyanja, ndipo pakatha mphindi zisanu asinthane. Wodziwa kale athandize ndi pakamwa pokha, manja ali kumbuyo.

Pomaliza, sabata ino yesani kulemba m'kope dzina la mwana aliyense amene wagwiradi makina. Lachisanu muwerenge atsikana angati, anyamata angati, ndi amene sanagwireko ngakhale kamodzi. Lolemba muyambire amenewo.