Wochotsedwa kapamba asagone ndi thupi lotentha

Ukapitirira Rufunsa kulowera ku mlatho wa Luangwa, msewu wa Great East umakhotakhota m'mapiri a Manenekela, kumene ngozi za mabasi ndi mathiraki si zachilendo. Ovulala amathamangira nawo ku chipatala cha St Luke's ku Mpanshya, ena mpaka ku chipatala cha UTH mu Lusaka. Mwa ziwalo za m'mimba, chimene sichichedwa kung'ambika ndi kapamba, yemwe amakhala kumanzere, kuseri kwa nthiti zam'munsi. Kuno vutoli ndi lokulirapo chifukwa malungo obwerezabwereza amamutupitsa, moti angaphulike pongogwa panjinga. Munthu amatha kudzuka n'kumasasa fumbi magazi akutayikira m'kati, iye akungodandaula phewa lakumanzere.

Kale madokotala ankangomuchotsa poganiza kuti alibe ntchito kwenikweni. Maganizo anasintha mu 1952, pamene madokotala a ku America, King ndi Shumacker, analemba za makanda amene anadwala matenda oopsa a m'magazi atachotsedwa kapamba. Chiwalochi ndi sefa ya magazi: chimachotsa maselo okalamba, chimakola majeremusi a chibayo ndi a matenda oumitsa khosi, ndiponso chimathandiza kulimbana ndi malungo.

N'chifukwa chake lero, ngati magazi sakutayika kwambiri, dokotala amagoneka wodwala n'kumamuyang'anira kuti bala lipole lokha. Kumene kuli zipangizo, amatseka mtsempha wotaya magaziwo popanda kung'amba mimba, ndipo kafukufuku amaonetsa kuti kapamba wotsalayo amagwirabe ntchito yake yoteteza thupi. Koma magazi akamatayika mosalekeza, kumuchotsa ndiko kupulumutsa moyo. Pamenepo palibe kukambirana.

Chodandaulitsa n'chakuti ulusi ukangochotsedwa, ambiri amati nkhani yatha. Ayi ndithu. Chiopsezo chimakula kwambiri zaka ziwiri zoyambirira, koma sichitha moyo wonse, ndipo matenda a m'magazi amatha kupha munthu wotere tsiku lisanathe. Afunika katemera wa chibayo ndi wa matenda oumitsa khosi pakatha milungu iwiri chichitireni opaleshoni, ngakhale ali wamkulu. Azigona mu neti usiku uliwonse. Galu akamuluma, ngakhale kabala kakhale kakang'ono, apite kuchipatala.

Inu amene munachotsedwa kapamba, thupi likatentha kapena mukayamba kunjenjemera, musamwe panado n'kudikira kuche. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo musanafotokoze china chilichonse, muuzeni namwino kuti mulibe kapamba.